Ndani Atsale ndi Ketulo Mawa?

Olemekezeka mkulu wa ofesi yoona zokopa alendo, amene mwatichititsa manyazi tonse pofika nthawi yake;

Olemekezeka mkulu woyang'anira nkhalango ndi mapiri, pamodzi ndi alonda anu a pachipata, amene amatifunsa chiphaso ngakhale kuti ena mwa iwo anatiyangatapo tili makanda;

Olemekezeka mayi oimira bungwe limene lathandiza kumanga nyumba yokongolayi, yofikira okwera mapiri;

Olemekezeka abusa, amene mwatitsegulira mwambo ndi pemphero lalifupi, ndipo Mulungu akudalitseni chifukwa cha kufupikako;

Olemekezeka wapampando wa kalabu ya okwera mapiri, amenenso ndi mtsogoleri wamkulu wa maulendo, amenenso, mwa chifuniro cha Mulungu osati changa, ndi amalume anga, alongo awo enieni a mayi anga;

Alembi ndi mamembala onse a komiti. Atsogoleri a maulendo. Onyamula katundu, inu amene misana yanu yakweza anthu ambiri omwe akatsika amakanena kwawo kuti anakwera okha. Amisiri amene mwamanga. Atolankhani, amene ndikukupemphani kuti muzindijambula mbali ya kumanjayi. Ophunzira atsopano amene mawa mukwera phiri koyamba. Amayi, abambo, ndi nonse amene mwabwera chifukwa munamva kuti kukhala zoziziritsa kukhosi: landirani ulemu wanu, ndakupatsani moni nonse.

Foni yondiitana ku mwambo uno italira, ndinaganiza kuti alembi alakwitsa nambala. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, mukumudziwa amene mukulankhula nayeyu?" Iwo anati, "Eya, si a Kalumo kodi?" Ndinati, "Ndi yemweyo. Nanga wapampando wanu akudziwa kuti mukundiitana?" Kenako alembi anatsokomola n'kunena kuti, "Amene anakutchulani ndi mayi a kubungwe aja." Mayi, zikomo. Ndikuona kuti mbiri yanga simunaifufuze kwa anthu akuno. Kwa amene simundidziwa, dzina loti Kalumo sanandipatse chifukwa chometa anthu tsitsi.

Andiuza kuti ndaitanidwa chifukwa ndinaponda nsonga zonse zazitali za dziko lathu, imodzi ndi imodzi, kuyambira ija imaoneka yaulemu koma ili ndi minga mpaka m'khosi, kufikira iyi yatiimira kumbuyoku, imene ndi mkulu wa zonse. Zimenezo n'zoona, sindikana. Koma musandione ngati munthu wodabwitsa. Kukwera phiri ndi ntchito ya munthu wamakani basi, ndipo makani ndiye kwathu timachita kugawirako anzathu. Wapampando angandichitire umboni, chifukwa mbewuyo inachokera kwa iwo.

Ndisanapite patali, ndithokoze. M'mawa uno andiyendetsa m'nyumba monsemu, ndipo ndinalowa ndi maso ofuna cholakwika, monga mwa khalidwe langa. Ndatuluka wokhumudwa. Mabedi ndi olimba, ndawakhalira ndi mphamvu zanga zonse. Pali chipinda choyanikamo zovala zonyowa, ndipo amene sanakwerepo phiri sangadziwe kuti chipinda chimenecho chipulumutsa mphuno za anthu angati, chifukwa sokosi ya munthu wotsika kuphiri imatha kuthamangitsa ngakhale galu. Zitseko za kubafa zili ndi loko wogwira, osati msomali wopinda uja tinkadalira kale kwinaku tikuimba nyimbo kuti anthu adziwe kuti muli munthu. Amisiri, mwagwira ntchito. Mayi a kubungwe, mwatichotsa manyazi. A komiti, mwavutika nayo nyumbayi kuyambira pa maziko mpaka padenga, mwapsa ndi dzuwa, mwanyowa ndi mvula, mwanenedwa ndi anthu ngati ine, koma simunagwe ulesi. Tiwaombere m'manja.

Tsopano, sizasi ndi iyi andipatsa, riboni ndi iyo yamangidwa pakhomo. Ndidula, musadandaule, abusa sanapempherere pachabe. Koma pali kankhani kamodzi kamene ndikufuna tikambirane riboniyo isanagwe pansi, chifukwa ikagwa aliyense athamangira zakumwa ndipo palibe adzandimverenso.

Pa benchi ya ophunzira atsopano apo pali mng'ono wanga, mzime wa m'nyumba mwathu. Ndi uyo akubisa nkhope kuseri kwa mnzake. Dzuka akuone anthu. Dzuka, iwe, sindikukutuma kumsika. Mwamuona? Chabwino, khala pansi. Mwana ameneyu wakhala akukonzekera ulendo wa mawa chaka chonse chino. Amadzaza chikwama ndi mabuku anga akale a kusekondale n'kumakwera nacho masitepe a kumsika, kukwera, kutsika, kukwera, kutsika, mpaka amayi ogulitsa tomato anayamba kumupempherera poganiza kuti mutu wasokonekera. M'mawa uno ndamupeza kuseri kwa nyumbayi akulongedza katundu, milomo ili ndwii. Ndamufunsa kuti, "Watani?" Akuti, "Palibe." Ndati, "Ndinakusambitsa ndine, usandinamize." Ndiye wanena kuti, "Amalume ati mawa nditsale ndi ketulo."

Ndikuona a kalabu mwayamba kuyang'ana nsapato zanu. Alendo athu sakumvetsa, choncho ndiwafotokozere.

Pokwera phiri lalikululi, anthu amagona pa kanyumba komaliza, kamene kali m'munsi mwa nsonga. Kukacha amasiya zikwama zolemera pamenepo n'kukwera opepuka, chifukwa chigawo chotsalacho ndi thanthwe lokhalokha, lofuna manja ndi mapazi. Koma zikwamazo sizisiyidwa zokha. Kumeneko kuli anyani odziwa kutsegula zipi kuposa ana a sukulu, kulinso akhwangwala amene amaba supuni popanda chifukwa chilichonse. Ndiponso anthu akamatsika kunsonga amakhala atauma ndi chisanu, zala zosapindika, mano akuombana, moti amafunika apeze moto ukuyaka ndi tiyi ali pambaula. Choncho munthu mmodzi amatsala. Amasunga moto, amalondera zikwama, amadikira ndi ketulo. Ntchito imeneyi ndi yofunika, ndipo aliyense amene anganene kuti ndainyoza ndikumana naye panja. Vuto si ntchitoyo. Vuto ndi lakuti m'kalabu muno amene amatsala ndi munthu watsopano, amene sanafikeko kunsonga, amene wayenda mtunda wonsewo ndi mtima umodzi wokha woti akaone pamwamba. Ndipo atsopano akakhala angapo, chala cha mtsogoleri chimayendayenda, chimayendayenda, n'kukaima pa munthu wovala ndolo.

Ndikudziwa chifukwa chinaimapo pa ine.

Zaka zingapo zapitazo, nditangomaliza sekondale, ndinalowa kalabu ino. Amene anandikopa ndi amalume omwewa. Pamenepa ndinene zoona, chifukwa ndine wolongolola koma si wabodza: m'dziko muno mulibe munthu wodziwa phiri ili kuposa bambo amenewa. Amayang'ana mtambo n'kukuuzani kuti mvula ifika musanamalize kudya. Atsitsapo anthu othyoka miyendo pamsana pawo. Anandiphunzitsa kumanga zingwe za nsapato kuti zala zisamagunde kutsogolo potsika, anandiphunzitsa kupuma ndi mphuno pamtunda, anandiphunzitsanso bodza lalikulu la atsogoleri onse a maulendo, lija loti, "Tatsala pang'ono." Ophunzira, mawa mukamva mawu amenewo, dziwani kuti simunayambe n'komwe.

Ulendo wanga woyamba tinali atsopano atatu: ine ndi anyamata awiri. Mmodzi anasanza njira yonse. Winayo analira pa mlatho wa zingwe, kuitana amayi ake amene anali kutali kwambiri moti sakanamuthandiza. Sindiwatchula, koma mmodzi wa iwo lero wavala tayi ndipo wakhala kutsogolo kuno. Ine ndinafika pa kanyumba komaliza ndili gwa, chikwama changa kumsana, china cha wosanza uja kutsogolo. Kutacha ndinadzuka woyamba, ndinamanga nsapato monga anandiphunzitsira, ndinaima pakhomo ngati ndikupita kukalandira zotsatira za mayeso. Amalume anatuluka, anatiyang'ana atatufe, n'kunena kuti, "Mphwanga, iwe utsale ndi ketulo."

Ndinati, "Amalume, mwati?"

Anati, "Anyamatawa tiyi wawo sangamweke."

Ndinati, "Ndiye aphunzire lero."

Anati, "Usavute. Phirili silithawa. Udzakwera ulendo wina."

Gulu lonse linaseka, ndipo linanyamuka. Ndinaima pakhomo paja kuwayang'ana akuchepa, akuchepa, mpaka anasanduka ngati nyerere pathanthwe, kenako nkhungu inawameza. Amene anatsala nane ndi nyani wina wamkulu, waimvi m'masaya, amene anabwera n'kukhala pamwala moyang'anana ndi ine. Sanabe kanthu. Anangokhala, dzanja patsaya, kundiyang'ana. Abale anga, ndanyozedwapo m'moyo uno, koma kumveredwa chisoni ndi nyani ndi chinthu china. Ndinamuuza zonse za kukhosi kwanga. Ndinamuuza za amalume, za komiti, za anyamata awiri aja. Ndi yekhayo wa m'phiri muno amene anandimvetsera mpaka kumapeto osandidula mawu.

Dzuwa litapendeka anthu anatsika, akunjenjemera koma akuwala nkhope, aliyense akulankhula nthawi imodzi. Wosanza uja anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Mlongo, ukanaona!" Ndinamuthirira tiyi. Sindinamuthire, ndinamuthirira, atolankhani mulembe bwino pamenepo. Amalume anamwa, anatseka maso, n'kunena kuti, "Aaa, koma tiyi uyu! Chiyambire kalabu ino sitinamwepo wotere."

Mawu amenewo ndiwo anandimaliza. Chifukwa ulendo wachiwiri utafika, ine ndili pakhomo lomwe lija, nsapato zomanga kale, amalume anati, "Mphwanga, ntchito ija unaigwira bwino kwambiri. Tikapatsa wina atiwonongera." Atsikana amene muli pano, mwamva? Munthu akakuyamikirani kwambiri pa ntchito imene simunaipemphe, yang'anani kumene kuli khomo.

Ndinatsala kachiwiri. Nyani uja anabweranso, ndipo ulendo uno anabwera ndi banja lake, ngati anawauza kuti kuli zoonera. Titatsika ndinavula juzi ya kalabu, ndinaipinda bwinobwino, ndinakaisiya pampando wa amalume, ndipo sindinapondenso pakhomo pa kalabu ino mpaka lero. Kuyambira pamenepo ine ndi amalume timapatsana moni wa pamaliro: kugwirana nsonga za zala, maso kumbali. Mayi anga ayesa kutiyanjanitsa mpaka anatopa. Amati, "Mwanawe, nkhani ya ketulo yomweyo?" Ndimati, "Amayi, yomweyo."

Ndinapita kukakwera ndi magulu ena, kumapiri ena. Ndinkagwira ntchito m'sitolo ya nsalu, momwe ndikadali mpaka lero, ndipo tchuthi chilichonse anzanga akamapita kokaona abale, ine ndinkapita kokatupitsa mapazi. Ndakwera phiri lina lamvula, kumene umanyowa mpaka maganizo. Ndakwera lina louma, kumene mphepo imakuchotsa chipewa n'kukakupatsanso pokhapokha ukatsika. Ndasocherapo m'nkhungu ndi mzungu wina amene ankakhulupirira foni yake kuposa maso ake. Zikhadabo za kumapazi kwanga zinachoka n'kumeranso kangapo, moti amene amapaka utoto ku saluni akandiona amangopumira m'mwamba. Phiri lathuli ndinalisiya komaliza, dala. Ndinabwera ndi gulu la alendo, ndinadutsa pa kanyumba kaja osayang'anako, ndinagwira thanthwe lija ndi manja angawa, ndipo ndinafika.

Ndikufuna ndikuuzeni zimene zili pamwamba paja, chifukwa ena mukuganiza kuti tikukangana za tiyi.

Pamwamba paja palibe chilichonse. Pali mulu wa miyala, chitsulo chadzimbiri, ndi mphepo yopanda ulemu. Koma ukaima pamenepo, mitambo imakhala pansi pako ngati thonje loyanika, misewu imene imakutopetsa imaoneka ngati ulusi, tauni yonse imene ili ndi anthu okuvutitsa imakwana pachikhatho, ndipo kwa kanthawi kochepa m'dziko lonse lino mulibe munthu amene waima pamwamba kuposa iwe. Palibe bwana, palibe mwini nyumba, palibe amalume. Munthu amene waimapo pamenepo amatsika ali wina. Akauzidwa kuti "sungathe," amayamba wafunsa kuti, "Wanena ndani?" Chimenecho ndicho mumamulanda munthu mukamusiya ndi ketulo. Ndipo chija amati phiri silithawa n'choona, koma anthu amathawa. Ndikudziwa atsikana amene anatsala pa kanyumba kaja kamodzi kokha, ndipo sanabwerenso. Wina ndi namwino tsopano, wina ali ndi ana, wina ndamuona pakati panupa akugwedeza mutu. Iwo analibe makani anga. Sankayenera kukhala nawo kuti aone nsonga ya phiri la dziko lawo lomwe.

Ndiye m'mawa uno ndamufunsa mzime wathu kuti, "Amalume apereka chifukwa chanji?" Akuti, "Ati ndine wamng'ono pa onse." Ndati, "China?" Akuti, "Ati banja lathu limadziwa tiyi."

Musaseke kwambiri, a komiti, ndikubwera kwa inu.

Alembi, ndikufunseni pamaso pa anthu. Lamulo loti watsopano ndiye atsale, linachokera kuti? Analipanga ndani? Alembi akupukusa mutu. Akuti analipeza. Achiwiri kwa wapampando, inu? Nawonso akuti analipeza. Aliyense analipeza, ngati chimfine.

Tsono ine sindinabwere kudzangolalata, ngakhale kuti ndimakwanitsa. Ndabwera ndi pempho limodzi, laling'ono, losafuna simenti kapena malata. Munthu azitsalabe ndi ketulo, chifukwa anyani sanasinthe khalidwe. Koma wotsalayo azikhala munthu amene anafikako kale kunsonga. Amene anaona, apatse mpata amene sanaone. Basi. Ndipo poti mwambo watsopano umafuna woyambitsa, tiyang'ane pakati pathu: ndani m'kalabu muno amene wafika pansonga paja kambirimbiri kuposa wina aliyense, moti ngakhale miyala ya pamenepo imamupatsa moni?

Taonani, sindinatchule munthu. Mwatembenuka nokha.

Amalume, anthu akukuyang'anani.

Pepani, kumbuyoko kuli mawu. Ndi azakhali, akazi awo a wapampando. Mwati bwanji, azakhali? Kwezani mawu, lero ndi tsiku lathu. Amene simunamve, azakhali akuti, "Atsale amenewo! Maondo anatha kale, akatsika kuphiri ndimavutika ndine ndi madzi otentha!" Zikomo azakhali. Mawu amenewo sindinawatume, abusa ndi mboni.

Wapampando aimirira. Apatseni maiki. Akukana, akuti mawu awo safuna magetsi. Chabwino, ndizibwereza ine kuti akumbuyo amve, ndipo ndilonjeza kuti sindiwonjezera mchere.

Akuti, "Mphwanga, unabadwa ukulongolola, ndipo azamba anadandaula."

Zimenezo n'zoona, amalume, pitirizani.

Akuti, "Ine ndinkaganiza kuti ndikukuteteza. Thanthwe lija ndi loterera, ndipo ukanagwa ndikanawauza chiyani mayi ako?"

Amalume, wosanza uja analibe mayi? Wolira pamlatho uja tonse tinamva kuti ali nawo.

Akuseka. Wapampando akuseka, atolankhani jambulani msanga, sizichitikachitika.

Akuti... dikirani, phokoso lachuluka. Akuti, "Chabwino. Mawa nditsala ndi ketulo ndine. Mwanayo akwere."

Ombani m'manja! Ombani ndithu! Iwe mzime, ukulira chiyani? Pukuta nkhope, anthu angaganize kuti ndakutsina.

Pepani, sanamalize. Akweza dzanja. Nenani, amalume.

Akuti, "Koma gulu silikwera thanthwe lija lopanda mtsogoleri."

Zoona. Atsogoleri ndi awa ali apawa, adzaza benchi yonse. Bambo inu a chipewa, simungatsogolere? Akuti bondo. Inu a ndevu? Akuti ali ndi alendo ena mawa. Inu? Taonani anthu awa, onse adwala nthawi imodzi, kwinaku akumwetulira. Amalume, mwawatsinzinira diso, ndakuonani.

Akuti, "Wandichotsa kutsogolo ndiwe. Ukhalepo ndiwe. Ndipo wotsogolera gulu la kalabu amavala juzi ya kalabu."

Hee.

Abale anga, mwaona kumene ndinatengera? Munthu ndabwera bwinobwino, ndavala diresi yanga yatsopano, nsapato zazitali zobwereka, tsitsi ndakonzetsa dzulo lomweli, ndimati ndilankhule, ndidule riboni, ndimwe chakumwa changa, ndikwere basi. Ndinalumbira pamaso pa mayi anga kuti juzi imeneyo sidzakhudzanso thupi langa. Ndinalumbira ndi mawu akuluakulu, ena osayenera kubwerezedwa pamaso pa abusa. Tsopano taonani bambo awa andikola pamaso pa anthu, ndi msampha umene ndatchera ndekha.

Amalume, ndikakana?

Akuti ndikakana atsogolera okha, ndipo ketulo ibwerera kumene inali.

Iwe mzime, usandiyang'ane choncho. Maso amenewo unkandiyang'ana nawo ukafuna chipanda cha lalanje langa, ndipo sindinadyepo lalanje lathunthu chibadwire iwe.

Chabwino. Alembi, kafuneni juzi. Ikhale yochapa. Mundipezerenso nsapato zokwerera m'chipinda cha katundu, chifukwa izi ndavalazi sizingafike ngakhale pachipata. Wina aimbire abwana anga kusitolo kuti mawa nsalu azidula okha, ndagwidwa ndi ntchito ya dziko. Mawa ndikutsogolerani ndine.

Ophunzira, musasangalale msanga. Amalume ndi munthu wachifundo, ine ayi. Mudye mokwanira madzulo ano. Zikhadabo za kumapazi muwenge lero, osati mawa. Chikwama chikhale ndi madzi, chovala cha mphepo ndi chakudya. Galasi loyang'anira nkhope, mafuta onunkhira ndi sipika ya nyimbo zitsale pansi pano. Pathanthwe sitithamanga, sitipikisana, ndipo sitijambulana mpaka nditanena. Wotopa anene kuti watopa, si mlandu. Tidzayenda mwa liwiro la amene ali kumbuyo kwenikweni, ndipo tikadzafika pa mulu wa miyala uja ndidzaima pambali kuti mudutse inu poyamba, mmodzimmodzi, mnyamata ndi mtsikana yemwe, aliyense ndi mapazi ake. Ndipo ndikadzakuuzani kuti tatsala pang'ono, mudzandikhulupirire, ngakhale ndidzakhale ndikunama.

Bambo wina uko akukuwa kuti ndiwakhululukire amalume pompano, tigwirane chanza anthu aone. Bambo, khalani pansi. Lero andiitana kudzatsegula nyumba, za mtima sizinali pa pulogalamu. Munthu wanyamula nkhani zaka zonsezi sangaitule chifukwa choti mwaomba m'manja. Koma amalume, ndinene ichi anthu akumva: mwaimirira pamaso pa akuluakulu onsewa, pamaso pa anyamata amene munawaphunzitsa nokha, n'kusintha mawu anu. Ine zimenezo sindinazichitepo, ndipo sindikudziwa ngati ndingathe. Mukapita kunyumba mukawauze mayi anga kuti Lamlungu ndibwera kudzadya, ndipo mukhoza kukhalapo. Sindinati tikacheza. Ndati mukhoza kukhalapo.

Olemekezeka nonse, ndakusungani padzuwa nthawi yaitali, ndipo zakumwa zija zayamba kufunda. Nyumba iyi ilandire aliyense wobwera ndi chikwama kumsana ndi mantha m'mimba. Ilandire mlendo wochokera kutali ndi mwana wobadwira m'munsi mwa phiri momwemu. Ilandire wamphamvu ndi wawefuwefu yemwe. Iwatumize kumwamba ali ndi chiyembekezo, iwalandirenso potsika ali amoyo, otopa, anjala ndi onunkha. Amene adzagone muno adzadzuke akudziwa kuti nsonga ija ndi yawonso.

Mayi a kubungwe, bwerani mugwire mbali iyi. Amalume, gwirani mbali inayo. Gwirani zolimba, musanjenjemere, ndikudula riboni yokha.

Tsono, mwa ulemu umene mwandipatsa lero, pamaso pa akuluakulu onse ndi pamaso pa phiri lalitali kuposa onse m'dziko lathu, ndikulengeza kuti nyumba ya okwera mapiri iyi yatsegulidwa tsopano, ndipo khomo lake ndi la aliyense.

Zikomo kwambiri.